Bungwe limene lidaweruza mlandu wa Pluto

Pa 28 Julayi 1919, patangopita miyezi 8 mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zitaleka kulira, akatswiri a sayansi adakumana mumzinda wa Brussels ku Belgium nakhazikitsa bungwe la akatswiri a zakuthambo a maiko onse, International Astronomical Union, limene ambiri amangolitcha IAU. Mtsogoleri wake woyamba adali a Benjamin Baillaud, mkulu wa malo oonera zakuthambo a ku Paris. Maiko oyamba kulowa adali Belgium, Canada, France, Britain, Greece, Japan ndi United States, ndipo Italy ndi Mexico adatsatira posakhalitsa. Germany, dziko limene lidali ndi akatswiri ena odziwika koposa pa ntchitoyi, adalitsekera kunja. Mabala a nkhondo adali akadali aawisi, ndipo opambana sadafune kukhala pa mkeka umodzi ndi ogonja. Ajeremani adadzalowa m'bungweli nkhondo yachiwiri itatha kale. Chimenechi ndi chipsera pa mbiri ya bungwe limene lidabadwira kugwirizanitsa anthu, ndipo sichiyenera kubisidwa.

Bungwe lotere lidali lofunika chifukwa thambo ndi limodzi, koma palibe amene amaliona lonse ali pamalo amodzi. Nyenyezi zakumwera zimene timaona ife kuno, wa ku Paris saziona. Nyenyezi ya mchira ikaoneka usiku ku Japan, pamafunika wina ku Ulaya kapena ku America aitsatire kukacha ku Tokyo. Akatswiriwa adali atayamba kale kugwirana manja: mu 1887 adakumana ku Paris nagawana thambo kuti alijambule lonse pa zithunzi, ndipo mu 1904 a George Ellery Hale a ku America adayambitsa mgwirizano wa ofufuza za dzuwa. Nkhondo idadula zonsezi. Padalinso chisokonezo cha maina. Dzenje limodzi la pa mwezi linkapezeka ndi dzina lina pa mapu a Mjeremani, lina pa mapu a Mngelezi, mwinanso dzina limodzi n'kukhala pa maenje awiri osiyana. Mayi Mary Blagg a ku England, amene adayamba kuphunzira zakuthambo ali aakulu kale, ndiwo adadekha zaka zambiri kufananiza mapuwo dzina ndi dzina. Ntchito imene adagwira pamodzi ndi a Karl Müller a ku Austria idatuluka mu 1935, ndipo idakhala mndandanda woyamba wa maina a pa mwezi wovomerezedwa ndi IAU.

Msonkhano waukulu woyamba udachitikira ku Rome mu Meyi 1922, ndipo amene adafika sadakwane n'komwe 100. Kumeneko adagwirizana kuti magulu a nyenyezi akhale 88. A Eugène Delporte a ku Belgium adalemba malire a gulu lililonse, ndipo malirewo atasindikizidwa mu 1930, kadontho kalikonse kakumwamba kadakhala ndi kwawo kodziwika. Misonkhano ikuluikulu idapitirira pafupifupi zaka zitatu zilizonse, kupatula nthawi ya nkhondo yachiwiri: atabalalika ku Stockholm mu 1938, adakakumananso ku Zurich mu 1948.

IAU si boma. Lilibe apolisi, lilibe khoti, ndipo matelesikopu akuluakulu a pa dziko pano si ake. Lili ndi kaofesi kochepa ku Paris, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi mamembala m'makomiti, aliyense ali ku yunivesite kwake. Mphamvu yake yonse yagona pa chinthu chimodzi, choti akatswiri a maiko onse amavomera kutchula chinthu chimodzi ndi dzina limodzi. Makampani amene amagulitsa maina a nyenyezi kwa anthu ofuna kupatsa okondedwa awo mphatso, IAU silingawatseke. Limangonena poyera kuti maina amenewo salowa m'buku lililonse la sayansi. Mphamvu yochepa yomweyo idapirira mayesero aakulu. Chombo cha Soviet Union, Luna 3, chitajambula kuseri kwa mwezi mu Okutobala 1959, ndipo Amereka atatsatira ndi zithunzi zawo, maiko awiri osamwerana madziwa adayenera kugawana maenje oti atchule maina. Ku Brighton mu 1970 msonkhano udavomereza maina oposa 500 a kuseri kwa mwezi, a akatswiri a mbali zonse ziwiri ndi a maiko ena. China idatulukako m'bungweli chifukwa cha nkhani ya Taiwan, koma idabwerera mu 1982.

Ntchito ina yosatchuka koma ya tsiku ndi tsiku ndi ya kalembera wa miyala yoyandama m'mlengalenga, imene akatswiri amaitcha ma asteroid. Mu 1947 IAU lidakhazikitsa ofesi ya Minor Planet Center ku Cincinnati, ndipo mu 1978 ofesiyo idasamukira ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, m'manja mwa a Brian Marsden. Mwala ukapezeka umalandira chizindikiro chongoyembekezera. Njira yake yozungulira dzuwa ikadziwika bwino umapatsidwa nambala, ndipo pambuyo pake woupeza amaloledwa kupereka dzina loti komiti ilivomereze. Nambala 1468 m'kaundulayu ndi mwala wa makilomita pafupifupi 7 umene a Cyril Jackson adaupeza ali ku Johannesburg mu Julayi 1938. Dzina lake ndi Zomba, potengera mzinda umene udali likulu la Nyasaland, ndipo njira yake imadutsana ndi ya Mars. Lero kaundulayu ali ndi zinthu zoposa 1 miliyoni.

Pa zaka zonsezi, bungwe limene lidalemba malire a thambo ndi kutchula maenje a pa mwezi limodzilimodzi silidafotokozepo chimene chimachititsa kuti chinthu chitchedwe pulaneti. Aliyense ankaona ngati n'zodziwikiratu. Anthu akale adaona kuti pakati pa nyenyezi zokhazikika pali zisanu zoyendayenda: Mercury, Venus amene m'bandakucha timamutcha Nthanda, Mars, Jupiter ndi Saturn. Zitadziwika kuti Dziko Lapansi nalo limazungulira dzuwa, lidalowa m'gulumo. A William Herschel adapeza Uranus mu 1781, ndipo Neptune adaoneka mu 1846 pamalo amene masamu a Urbain Le Verrier adaloza.

Komabe vutoli lidali litaonekerapo kale, IAU lisanabadwe. Pa 1 Januwale 1801 wansembe wa ku Palermo, a Giuseppe Piazzi, adapeza Ceres pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo adalandiridwa ngati pulaneti latsopano. Mu 1802 kudapezeka Pallas m'dera lomwelo, mu 1804 Juno, mu 1807 Vesta. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku ambiri ankaphunzitsa mapulaneti 11. Mu 1845 kudapezeka wachisanu, pofika 1851 adakwana 15, ndipo pofika 1868 adafika 100. Zidaonekeratu kuti Ceres sadali yekha, adali wamkulu chabe pakati pa chinamtindi cha miyala yoyenda njira imodzi. Padalibe bungwe loti liweruze, padalibenso voti. Olemba mabuku adangoyamba kupatsa miyalayo manambala ndi kuiika pa mndandanda wakewake, mpaka Ceres adachoka pakati pa mapulaneti mwakachetechete.

Nkhani ya Pluto idayenda njira yomweyo, koma mochedwa, ndipo panthawiyi anthu adali atamukonda kale.

Clyde Tombaugh adali mnyamata wa pa famu ku Kansas amene adalephera kupita ku koleji matalala atasakaza mbewu za makolo ake. Adadzipangira telesikopu ndi zitsulo za galimoto yakale ndi za makina a pa famu, najambula pamanja Mars ndi Jupiter, n'kutumiza zojambulazo ku Lowell Observatory ku Flagstaff, m'chigawo cha Arizona. Mu 1929 adamulemba ntchito yofunafuna pulaneti limene malemu a Percival Lowell ankakhulupirira kuti lili kuseri kwa Neptune. Usiku ankajambula kachigawo ka thambo pa galasi, m'nyumba yozizira yotseguka denga. Pakapita masiku angapo ankajambulanso kachigawo komweko. Masana ankaika magalasi awiriwo m'makina oonetsa ili, kenako ilo, mosinthanasinthana mwachangu. Nyenyezi, poti zili kutali kwambiri, zimakhala pomwepo. Chinthu chozungulira dzuwa chimaoneka ngati chikudumpha. Galasi limodzi linkakhala ndi timadontho masauzande osawerengeka, ndipo iye ankatiyang'ana kamodzikamodzi. Madzulo a pa 18 Febuluwale 1930, akufananiza magalasi a pa 23 ndi 29 Januwale, adaona kadontho kakudumpha. Adali ndi zaka 24. Dzina lidachokera kwa mtsikana wa zaka 11 wa ku Oxford, Venetia Burney, amene adalitchula kwa agogo ake pa chakudya cha m'mawa, ndipo lidafika ku Arizona pa telegalamu. Palibe adaona chifukwa choitanitsa msonkhano kuti aweruze ngati chinthucho chidalidi pulaneti. Ankafuna pulaneti la nambala 9, ndipo onse adati lapezeka.

Poyamba ankaganiza kuti Pluto ndi wolemera ngati Dziko Lapansi. Kuyeza kulikonse kwatsopano kunkamuchepetsa. Mu 1978 a James Christy adapeza Charon, mwezi waukulu wa Pluto, ndipo mayendedwe a mweziwo adaulula kulemera kwenikweni: pangafunike a Pluto pafupifupi 500 kuti afanane ndi dziko lathuli. M'mimba mwake ndi makilomita 2,377, pamene mwezi wathu ndi makilomita 3,474. Njira yake ndi yopendekeka ndi madigiri 17 poyerekeza ndi ya dziko lathu, imamutengera zaka 248 kuti azungulire dzuwa, ndipo kuyambira 1979 mpaka 1999 adali pafupi ndi dzuwa kuposa Neptune. Chombo cha Voyager 2 chitayeza bwino kulemera kwa Neptune mu 1989, zidadziwikanso kuti pulaneti lalikulu limene a Lowell ankalisaka kudalibe. Pluto adangopezeka pafupi ndi malo amene ankayang'anawo, ndipo chimene chidamupeza ndi khama la mnyamata uja.

Mu Ogasiti 1992 a David Jewitt ndi mayi Jane Luu, ali pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, adapeza chinthu china kuseri kwa Neptune. Zina zidatsatira, makumi, kenako mazana. Dera limeneli, lotchedwa Kuiper Belt, lidapezeka kuti ladzaza ndi zinthu za madzi oundana ndi miyala, ndipo zambiri zikuyenda mofanana ndi Pluto. Apa ndi pamene IAU likadayenera kuyamba kukambirana modekha. M'malo mwake lidazengereza. Kumayambiriro kwa 1999 a Marsden adapereka ganizo loti Pluto apatsidwe nambala yaulemu ya 10000 m'kaundula wawo. Phokoso litabuka, bungweli lidatulutsa chikalata chotsimikizira anthu kuti palibe ganizo losintha udindo wa Pluto. Chaka chotsatira, nyumba yoonetsera zakuthambo ya Hayden ku New York, motsogozedwa ndi a Neil deGrasse Tyson, idatsegula chionetsero chatsopano chimene sichidaike Pluto pakati pa mapulaneti, ndipo makalata odandaula, ambiri a ana asukulu, adasefukira. Mlandu suwola: umene IAU lidaukankhira kutsogolo mu 1999 udabweranso patangopita zaka 6.

Mu Januwale 2005 a Mike Brown, a Chad Trujillo ndi a David Rabinowitz, poyang'ananso zithunzi zimene adajambula pa phiri la Palomar ku California mu Okutobala 2003, adaona chinthu chowala chimene chidali kutali ndi dzuwa kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa Pluto. Adachilengeza pa 29 Julayi 2005, ndipo chinkaoneka chachikulu kuposa Pluto. Chimene chidakakamiza IAU kuchitapo kanthu ndi ntchito yake yakale ija ya kalembera. Chikadakhala mwala wamba, dzina likadadzera ku komiti ya zinthu zing'onozing'ono. Chikadakhala pulaneti, likadadzera kwina. Popanda tanthauzo la pulaneti, padalibe komiti yoti ilandire nkhaniyi, ndipo chinthucho chidakhala chaka chathunthu chikudziwika ndi chizindikiro chokha cha 2003 UB313.

Gulu la akatswiri 19 lotsogozedwa ndi a Iwan Williams lidakambirana miyezi yambiri osamvana. Akuluakulu a bungweli adasankha komiti ina ya anthu 7, wapampando wake a Owen Gingerich a ku Harvard, katswiri wa mbiri ya sayansi ya zakuthambo, ndipo mudalinso mayi Dava Sobel, wolemba mabuku. Komitiyi idakumana ku Paris nigwirizana pa mfundo yosavuta kumva: chinthu chozungulira dzuwa chimene mphamvu yake yokoka yachiumba kukhala chobulungira, chimenecho ndi pulaneti. Mfundoyi ili ndi nzeru zake. Mwala waung'ono umakhala wamakonamakona chifukwa kulimba kwa thanthwe kumaposa mphamvu yokoka. Chinthu chikakula kufika makilomita mazana angapo, kulemera kwake komwe kumafinya mapiri ndi kudzaza zigwa mpaka chibulungire. Malire amenewa ndi a chilengedwe, sadaikidwe ndi munthu. Koma ganizoli adalisunga mwachinsinsi mpaka msonkhano waukulu wa nambala 26 utatsegulidwa ku Prague, ndipo kubisako kudawapweteka.

Pa 16 Ogasiti 2006 ganizolo lidalengezedwa, ndipo nyuzipepala za dziko lonse zidalemba kuti mapulaneti tsopano akhala 12: akale 9 aja, kuonjezapo Ceres, Charon ndi 2003 UB313, ndipo ena ambiri adali pamzere. Akatswiri ofufuza mayendedwe a zinthu zakuthambo adakwiya. Iwo adati komitiyo idangoyang'ana maonekedwe a chinthu n'kuiwala malo ake pakati pa zinzake. A Julio Fernández ndi a Gonzalo Tancredi, ochokera ku dziko laling'ono la Uruguay, adalemba ganizo lina loti pulaneti liyenera kukhala chinthu chachikulu koposa zonse za m'dera lake, nayenda nalo m'makonde kusonkhanitsa masiginecha. Pa zokambirana za pa 18 Ogasiti ganizo la komiti lidagwa poyesa maganizo a anthu. Masiku otsatira adali a mikangano yotentha ndi kulembanso mawu usiku. A Gingerich adali atakwera kale ndege kubwerera kwawo tsiku la voti lisanafike.

Pa 24 Ogasiti, tsiku la mwambo wotseka, anthu ambiri mwa oposa 2,000 amene adabwera ku Prague adali atapita. M'holo mudatsala osakwana 500 oponya voti, pa mamembala pafupifupi 9,000 amene bungweli lidali nawo. Woyendetsa zokambirana adali mayi Jocelyn Bell Burnell, amene ali wophunzira mu 1967 adatulukira nyenyezi zotchedwa pulsar. Kuti aliyense amvetse chimene akuvotera, adaika pa tebulo baluni kuimira mapulaneti 8, chidole cha galu wa m'makatuni wotchedwa Pluto kuimira gulu latsopano, natenga ambulera kufunsa ngati magulu awiriwa akhale pansi pa dzina limodzi la pulaneti. Anthu ankavota pokweza makadi achikasu. Mfundo yaikulu idadutsa ndi makadi ochuluka kwambiri moti sadawawerenge. Ya ambulera ija idakanidwa. Yonena kuti Pluto ndi chitsanzo choyamba cha gulu latsopano la kuseri kwa Neptune idadutsa ndi mavoti 237, okana 157, ndipo 17 sadaonetse mbali.

Chigamulocho chidagawa zozungulira dzuwa m'magulu atatu, kupatula miyezi. Pulaneti liyenera kuzungulira dzuwa, kukhala lolemera mokwanira kuti libulungire lokha, ndi kukhala litalambula njira yake. Chimene chakwanitsa ziwiri zoyambazo koma sichidalambule njira, komanso si mwezi wa chinthu china, adachitcha dwarf planet, kapulaneti. Zotsala zonse, ma asteroid ambiri ndi nyenyezi za mchira, zidalowa m'gulu la zinthu zing'onozing'ono, ndipo mwala wa Zomba uja uli m'menemo. Mapulaneti adatsala 8. Mu Seputembala Pluto adalandira nambala 134340 m'kaundula, ndipo 2003 UB313 adapatsidwa dzina loti Eris, mulungu wamkazi wa mikangano wa Agiriki akale. Kuyeza kwa pambuyo pake kudaonetsa kuti Eris ndi wocheperako pang'ono m'mimba mwake, makilomita 2,326, koma amalemera kuposa Pluto ndi 27 peresenti.

Chigamulo sichidathetse mkangano. A Alan Stern, mtsogoleri wa chombo cha New Horizons chimene chidali chitanyamuka pa 19 Januwale chaka chomwecho kupita kwa Pluto, adakana kuchitsatira, ndipo akatswiri pafupifupi 300 adasainira chikalata chotsutsa. Aphungu a chigawo cha New Mexico, kumene a Tombaugh adakhala mpaka imfa yawo mu 1997, ndi a Illinois kumene adabadwira, adavomereza mfundo zawozawo zolemekeza Pluto ngati pulaneti. Zina mwa izi zidali za mtima chabe, koma madandaulo a akatswiri adali ndi mutu ndipo ayenera kumvedwa. Kodi kulambula njira n'kutani, pamene pafupi ndi njira ya Dziko Lapansi pamadutsa miyala masauzande ambiri, ndipo Jupiter amayenda ndi miyala yoposa 10,000 yodziwika, ina patsogolo pake ina pambuyo? Neptune walambula bwanji, pamene Pluto yemweyo amadutsa m'dera lake? Ndipo bwanji chinthu chisinthe gulu chifukwa cha malo okha, poti ngakhale Dziko Lapansi mutalisunthira kutali kwambiri ndi dzuwa lingalephere kulambula njira yaitali chotero?

Mawu amene adalembedwa ku Prague ndi ofooka, chifukwa adalembedwa mothamanga ndipo sadaikepo muyeso. Koma chimene ankafuna kunena ndi choona. Mfumu sikhala yokha m'mudzi. Ufumu wake umaoneka poti ena onse amayendera mawu ake. Miyala ya Jupiter ija ili pamalo amene mphamvu ya Jupiter idaisunga. Pluto amazungulira dzuwa kawiri pa maulendo atatu aliwonse a Neptune, ndipo n'chifukwa chake awiriwa sagundana: Neptune ndiye adamumanga m'mayendedwe amenewo. A Steven Soter adawerengera mu 2006 kuti Dziko Lapansi limalemera kuwirikiza pafupifupi 1.7 miliyoni kuposa zinthu zonse za m'njira yake zitaphatikizidwa, pamene Pluto safika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo 10 a zinthu za m'dera lake. Pakati pa mapulaneti 8 ndi zinthu zina zonse pali phompho lalikulu, ndipo m'phomphomo mulibe kanthu. Phompholi silidakumbidwe ndi voti. Ndi umboni wa mmene mapulaneti adapangikira, pamene zinthu zochepa zidameza kapena kumwaza zinzake zonse, zina n'kutsala zosamaliza kukula. Kutsatira kubulungira kokha, monga a Stern ndi anzawo amafunira, kungatipatse mapulaneti oposa 100, mwezi wathu uli momwemo. Kwa wofufuza nthaka ya zinthuzi kumeneko n'kothandiza, koma kumakwirira phompho limene ndi phunziro lalikulu pa banja la dzuwa. Ine ndikuona kuti IAU lidaweruza molondola, koma lidalakwitsa kayendetsedwe ka mlandu: lidachedwa kuyamba, lidabisa ganizo, ndipo lidasiya nkhani yokhudza mabuku a ana a dziko lonse m'manja mwa ochepa amene adatsala m'holo tsiku lomaliza.

Kutchedwa kapulaneti sikudachepetse chidwi cha ofufuza. Mu Malichi 2015 chombo cha Dawn chidafika pa Ceres, amene m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 940, nichipeza madontho owala a mchere m'dzenje la Occator. Pa 14 Julayi chaka chomwecho New Horizons, itanyamula pang'ono phulusa la a Tombaugh, idadutsa pafupi ndi Pluto. Zithunzi zidaonetsa mapiri a madzi oundana otalika makilomita angapo, ndi chigwa chachikulu cha nayitirojeni woundana chopanda maenje, chizindikiro choti nthaka yake ikusinthabe mpaka lero. Mu 2017 IAU lidavomereza maina oyamba a malo a pa Pluto. Dera lowala looneka ngati mtima lidatchedwa Tombaugh Regio, ndipo dzenje lina lidatchedwa Burney.

Pamene bungweli likuyenera kudzudzulidwa lero ndi pa ntchito imene lidaisiya panjira. Chigamulo cha 2006 chidalonjeza kuti padzakhala njira yoweruzira zinthu za m'malire. Mu 2008 adaonjezera Makemake ndi Haumea, maina ochokera ku zikhulupiriro za anthu a ku Rapa Nui ndi ku Hawaii, ndipo mndandanda wa timapulaneti udafika pa 5: Ceres, Pluto, Eris, Makemake ndi Haumea. Kuchokera apo sudasunthenso. Akatswiri ambiri amawerengera Gonggong, Quaoar, Sedna ndi Orcus m'gulu lomweli, koma IAU lidangokhala chete. Zoona, kudziwa ngati kadontho ka kutali chotero n'kobulungira ndi ntchito yovuta, ndipo Haumea yemwe, poti amazungulira mwaliwiro kamodzi pa maola osakwana 4, ndi wotalika mbali imodzi. Koma kuvuta kwa ntchito ndiye chifukwa chake pamafunika bungwe.

Mpata wina ndi waukulu kuposa pamenepa. Chigamulo cha ku Prague chimanena za zozungulira dzuwa lathu lokha. Chikhalirecho a Michel Mayor ndi a Didier Queloz adali atapeza kale, mu 1995, pulaneti lozungulira nyenyezi ya 51 Pegasi, ndipo lero mapulaneti a nyenyezi zina odziwika adapitirira 5,000. Pa amenewa IAU lili ndi tanthauzo longogwirira ntchito, limene limaika malire a pamwamba pa kulemera kowirikiza 13 kuposa Jupiter. Mu 2019, pokondwerera zaka 100, bungweli lidapatsa maiko oposa 100 mwayi woti lililonse litchule nyenyezi imodzi ndi pulaneti lake. Anthu a ku Zambia adatcha nyenyezi ya HD 85390 kuti Natasha, ndipo pulaneti lake adalitcha Madalitso. Dzinali lili m'kaundula wa IAU, koma mfundo zitatu za 2006 sizifikako kwa Madalitso, chifukwa sazungulira dzuwa.

Bungweli lidasintha kwambiri kuchokera pa anthu osakwana 100 amene adasonkhana ku Rome mu 1922. Ku Prague komweko mayi Catherine Cesarsky a ku France adakhala mkazi woyamba kulitsogolera. Mu 2011 lidatsegula ku Cape Town ofesi yogwiritsa ntchito sayansi ya zakuthambo pa chitukuko, ndipo mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu udachitikira mumzinda womwewo, koyamba mu Africa patatha zaka 105. Mamembala tsopano ndi oposa 12,000. Mu 2024 momwemo a Jean-Luc Margot ndi anzawo awiri adasindikiza ganizo la tanthauzo latsopano loyezeka ndi manambala, lokhudza mapulaneti a nyenyezi iliyonse. IAU lidaphunziranso pa za ku Prague: mu 2018, pofuna kuti dzina la a Georges Lemaître liikidwe pambali pa la a Edwin Hubble pa lamulo la kufutukuka kwa chilengedwe, lidafunsa mamembala onse pa intaneti, ndipo oposa 4,000 adavota ali kwawo.

Njira yofunsira aliyense ilipo tsopano, ndipo chodzikhululukira chatha. Msonkhano wotsatira udzachitikira ku Rome mu 2027. IAU lilembe tanthauzo lokhala ndi muyeso, lofikira nyenyezi zonse, liligawe kwa mamembala miyezi ingapo voti isanachitike, ndipo katswiri wa ku Lusaka, ku Montevideo kapena ku Nairobi amene sangakwanitse tikiti ya ndege avote nawo ali kwawo.